Dzina Limodzi Papepala la Kamera

Simlemba, Kasungu
18 Meyi 2009

Okondedwa achimwene a Geoffrey,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi anzanu a ku situdiyo. Kuno tilipo. Amama ali bwino. Adada ndi chifuwa chawo chomwe chija, chikumawavuta m'mamawa kukazizira.

Ndalemba kalata chifukwa mukudziwa kuti pafoni mawu amandithawa, komanso netiweki kuno mpaka ukwere pachulu cha kuseri kwa chigafa. A Simeon a lole yonyamula mabelo a fodya avomera kuti azititengera makalata akamapita ku okushoni.

Kamera ija yafika bwino. Zikomo kwambiri achimwene. Zonse munandiphunzitsa pa Khirisimasi ndikuzikumbukira. Masiku atatu oyamba ndimangoitsegula m'chipinda n'kuitsekanso. Lachinayi ndinalimba mtima n'kupita kumakomboni a matenanti a pa esiteti. Woyamba kujambulitsa anali mayi wina dzina lake Lefina, wa ku Phalombe. Akuti amayi ake sanamuone zaka zitatu ndipo akuganiza kuti anawonda n'kutha. Anabwereka nsapato kwa mnzake n'kuima pafupi ndi njinga ya kapitawo. Nditamuuza kuti aseke, anati, "Iwe mwana wa a Mphepo, ukuti ine ndiseke pomwe iwe wakwinya nkhope ngati wamwa kwinini?" Anthu onse anaseka, iyenso anaseka, ine n'kudina. Chinatuluka bwino.

Ndaona kuti ndikaika diso pakamera manyazi amachepa. Anthu sayang'ana ine, amayang'ana galasi.

Koma pali vuto. Amalume a Grey abwera kawiri, akuti ndiwabwereke kamera akajambulire ukwati wa mwana wa mnzawo ku Nkhamenya. Akuti chinthu chikalowa pakhomo ndi cha tonse. Ine ndinangoyang'ana pansi. Ndiwayankhe bwanji? Mukudziwa mmene inathera wailesi ya adada atabwereka iwowo.

Mundiyankhe kudzera kwa a Simeon.

Ndine mlongo wanu,
Sellah


Lilongwe
6 Juni 2009

Wokondedwa Sellah,

Moni kwa iwe, kwa adada ndi amama. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndi imene yachuluka. Nkhani ya Lefina yandiseketsa. Ndinadziwa kuti ukhoza.

Za amalume tamvera. Kuno kutauni kuli chinthu chotchedwa inshuwalansi. Makamera onse a abwana anga ali pa inshuwalansi. Umalipira ndalama pang'ono kukampani kamodzi pachaka, ndiye kamera ikabedwa, ikagwa kapena ikalowa madzi, kampaniyo imakugulira ina. Ndayankhula kale ndi munthu wa kampani ina amene amabwera kudzajambulitsa kuno. Akuti zitheka, ngakhale kamerayo ndinagula kwa abwana itagwirapo kale ntchito.

Pali mitundu iwiri. Wina umalola aliyense kugwira kamera, koma ndi wodula. Wina ndi wa dzina limodzi: kampani imalipira pokhapokha ngoziyo yachitika kamera ili m'manja mwa munthu wolembedwa papepala. Ndasankha wachiwiriwu, ndipo dzinalo ndi lako. Ndachita dala. Amalume akabweranso usawakanize iwe, uwauze kuti akukana ndi a kampani. Pepala silichita manyazi ngati iwe.

Sindinalipirebe. Ndikusunga pang'onopang'ono, mwina ndikwanitsa kutha kwa Seputembala. Koma lamulolo uyambe kulitsata lero lomwe. Asagwire munthu wina aliyense. Ndati aliyense, Sellah. Ndipo lamba wake azikhala m'khosi nthawi zonse, ngakhale ukujambula chithunzi chimodzi chokha.

Kamera imeneyo ndi zaka zanga ziwiri zodya bonya. Ndikufuna ikuchotse m'munda wa fodya. Usadzakhale ngati amama, manja akuda ndi utomoni mpaka kukalamba.

Adada apite kuchipatala, asamangodalira mandimu.

Mchimwene wako,
Geoffrey


Simlemba
23 Ogasiti 2009

Okondedwa achimwene,

Moni wochuluka. Pepani ndachedwa kulemba, ntchito inandichulukira. Matenanti alandira malipiro awo, ndiye aliyense akufuna chithunzi asanabwerere kwawo. Wina amajambulitsa atanyamula wailesi, wina atakhala pamatilesi atsopano panja. Ena amene sanapeze kanthu chaka chino amabwereka katundu wa anzawo kuti kwawo akaone ngati zinayenda. Ine ndimangojambula, sindifunsa. Loweruka lililonse ndikumapita ku boma kukatsukitsa. Ndadzigulira nsapato, amama ndawagulira chitenje.

Amalume a Grey ndinawauza monga munanenera. Anati, "Kampaniyo ndi ya mtundu wanji, yosadziwa malume wa munthu?" Anachoka osatsanzika. Tsopano akandiona panjira amati, "Moni abwana a kampani." Zimandiwawa koma kamera ili bwino. Abusa anafunanso kuigwira, ndinawauza zomwezo.

Adada tinapita nawo kuchipatala. Anawapatsa mapiritsi koma kusintha kwake n'kochepa. Awonda, malaya awo abuluu aja akungolendewera. Akukakamirabe kuti chaka chino afesa nazale ya fodya kudambo ngati kale. Madzulo ndikabwera amandiuza kuti ndiwaonetse anthu amene ndajambula, amayang'ana pakagalasi ka kumbuyo n'kumawatchula mayina. Sagwira, amaika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Tsiku lina anati, "Anthu onse a pa esiteti ali m'kabokosi aka, mpaka galu wa kapitawo. Nanga mwini wake ali kuti?" Ndinati ine sindikonda kujambulidwa. Anangoti, "Hmm."

Za makuponi a feteleza alemba kale mayina. La adada lilimo.

Msika wa fodya ukutha, ndiye a Simeon akuti ulendo wa ku Lilongwe uzikhala wa apo ndi apo. Makalata akamachedwa musadabwe.

Mlongo wanu,
Sellah


Lilongwe
2 Okutobala 2009

Sellah,

Moni nonse. Nkhani yabwino: ndalipira. Inshuwalansi yayamba dzulo, pa 1 Okutobala. Ndaikamo fotokope ya pepalalo m'kalata muno, uone dzina lako mmene lakhalira bwino atalitayipa. Ulisunge m'Baibulo la amama.

Mwa lamulo a kampani amayenera kuiona kaye kamerayo ndi maso, koma ndinawachonderera kuti ili kutali kumudzi ndipo ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Avomera.

Tsopano mtima wanga wakhala pansi. Uwauze adada kuti Khirisimasi ndikubwera ndi jekete lawo.

Geoffrey


Simlemba
12 Okutobala 2009

Okondedwa achimwene,

Moni. Kalata yanu ndi pepala lija zinafika pa 7. Kalata ino ndayamba kulemba katatu, ndikung'amba.

Achimwene, kamera yagwera m'chitsime.

Ndikuuzani zonse mmene zinakhalira. Lachisanu pa 9 m'mamawa ndinapita kudambo kukathirira nazale, chifukwa adada kheni yothirira sakuithanso. Kamera ndinaitenga poti ndimafuna ndikadutsire kumakomboni, mwina n'kupeza wojambulitsa. Kuyambira pakati pa Seputembala sindinajambule munthu, anthu ndalama zawathera. Adada ananditsatira pang'onopang'ono ndi ndodo, n'kukhala pachitsa pafupi ndi chitsime.

Nditamaliza bedi lachitatu anati, "Sellah, bwera nako kabokosi kako."

Ndinati, "Adada, a kampani aja..."

Anati, "A kampani anakubereka ndi iwo? Ine sindikupita nako ku Nkhamenya. Ndikufuna ndikuone uli m'katimo, kamodzi kokha. Masiku anga ndikuwadziwa ndine."

Achimwene, amalume ndinawakaniza, abusa ndinawakaniza. Koma awa anali adada. Ndinavula kamera n'kuwapatsa. Lamba ndinamukumbukira, musaganize kuti ndinaiwala. Koma anali atavala chipewa chawo chija, ndiye kuti ndiwaveke lamba ndikanayenera kuwavula chipewa n'kuwagwira m'khosi. Mwana wamkazi angachite bwanji zimenezo kwa bambo ake? Kuwauza kuti avale okha ndinaopanso, zikanaoneka ngati ndikuwayesa mwana. Ndinangowaonetsa podina.

Anaimirira, dzuwa lili kumsana kwawo monga munandiphunzitsira. Ine ndinaima pakati pa mabedi, kheni ili m'manja. Anaika kamera kumaso n'kutsinzina diso lomwe limayenera kuyang'ana. Kenaka anati, "Bwanji muli mdima umu? Nakonso magetsi azima?" Ndinaseka, achimwene, sindinathe kudzigwira. Pomwepo ndinamva kuti kamera yalira.

Atatsitsa manja chifuwa chinawagwira, chija chowapinda pakati. Anadzandira chammbali, kamera inapulumuka, inagunda pamtengo wa pakamwa pa chitsime n'kugweramo. Ndinayamba ndagwira adada. Kenaka ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kuivuula. Galasi lakutsogolo lasweka, m'kati muli matope. Ndaiyanika masiku atatu, siikuyaka. Kakhadi kosunga zithunzi ndakachotsa, ndakakulunga m'kansalu.

Adada sanadye tsiku limenelo.

Ndikudziwa zimene pepala likunena, ndaliwerenga kambirimbiri. Kodi a kampani sangamve kuti anali bambo anga, ndiponso akudwala? Wolakwa ndine. Chonde musawakalipire.

Mlongo wanu,
Sellah


Lilongwe
17 Okutobala 2009

Sellah,

Kalata yako ndailandira lero. Sindikudziwa kuti ndiyambire pati.

Ndinati aliyense. Ndinalemba kawiri. Masiku asanu ndi anayi okha chilipirireni! Ukuganiza kuti kampani ili ndi bambo? Kampani imawerenga pepala basi.

Ndipo adada, munthu wamkulu, zoseweretsa kamera za chiyani? Moyo wawo wonse chimene agwira chimathera pansi. Fodya walimidwa zaka makumi atatu pakhomopo, tili ndi chiyani? Ngolo inapita, wailesi inapita, iwe sukulu unalekera sitandade 7. Chinthu chimodzi chokha chimene chimati chitukule nyumba imeneyo, achiponyanso m'chitsime. Uwawerengere kalata ino, amve. Ine ndatopa kutunga madzi ndi dengu.

Usauze munthu wina aliyense mmene zinachitikira. Kamera ndi khadi usunge. Ndikaganiza chochita ndikuuza.

Foni yanga usayese kuimba, sindikufuna kuyankhula panopa.

Geoffrey


Simlemba
21 Okutobala 2009

Kwa mwana wanga Geoffrey,

Ndine dada wako. Akulemba ndi Sellah, mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asachotsepo kanthu.

Moni mwana wanga. Ine thupi likukana, koma tisataye nthawi ndi zimenezo.

Sitinalandire yankho lako. Ndikudziwa kuti ukakhala chete ndiye kuti wakwiya, unali choncho kuyambira uli wamng'ono. Ukwiyire ine. Mlongo wako anakana, ine ndinamukakamiza. Ndinaona kuti mwanayu amabisala kuseri kwa chinthu chija tsiku lonse, ndiye ndinafuna pakhale pena pamene akuoneka nkhope. Ndinalakwa kachitidwe kake.

Ndikudziwa unavutika kuti ugule. Ndilibe mbuzi, ndilibe ngolo. Koma makuponi akabwera, anga ndigulitsa, pali anthu amagula. Njinga yanganso itengedwe. Sizikwana, koma mmisiri akhoza kuyambirapo. Amama ako akukana, akuti tidzadya chiyani chaka chamawa. Ine ndati tidzaona.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Sellah akuti chithunzicho mwina chikadali m'kakhadi. Ngati chilimo, unditsukire ndichione. Sindinajambulepo chibadwire. Ndikufuna ndidziwe ngati ndinalasa.

Jekete lija usavutike nalo.

Ndine dada wako,
H. Mphepo


Simlemba
10 Novembala 2009

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira munafika bwino. Kuno anthu a pamaliro a adada abalalika, tatsala awiri ndi amama. Nyumba yakula.

Pamaliro sitinayankhulane bwino. Munafika thupi litatsala pang'ono kunyamuka, m'mawa mwake n'kubwerera, ndipo nkhani ya katundu siikambidwa pamalo otero. Kamera ndi kakhadi ndinakuikirani m'chikwama chanu, pansi pa malaya. Ndikhulupirira mwaziona.

Kalata yanu ya pa 17 Okutobala yafika dzana. A Simeon akupepesa, akuti inatsalira m'lole masabata atatu, lole ili kugalaja. Ya adada yopita kwa inu inangokhala kunyumba kwa a Simeon kudikira loleyo, akuti akupatsani sabata ino. Choncho adada anapita osamva zimene munalemba. Tsiku lililonse amafunsa ngati lole yadutsa. Lachiwiri lomaliza lija anafunsa kawiri.

Amama ataona envelopu anati ndiwawerengere. Ndinawerenga moni amene simunalembe. Ndinati mwamva chisoni ndi kamera koma moyo wa adada ndiwo waukulu. Amama anati, "Pepala lonseli mawu ake ndi omwewa?" Ndinati zina ndi za kampani, za Chingerezi. Aka n'koyamba kuwanamiza amama. Kalatayo sindinaiotche. Ndaiika pansi pa sutikesi. Mukaifuna mudzaitenga.

Sindikukuimbani mlandu. Munalemba muli ndi ukali, ndipo zina munanena ndi zoona.

Makuponi agawa Lachisanu. Dzina la adada analifufuta, akuti womwalira salandira, ndipo la amama silinalembedwe. Tinabwerako chimanjamanja. Nazale tawapatsa amalume a Grey, ife sitingaikwanitse. Chimanga tidzala chopanda feteleza.

Lefina wa ku Phalombe uja sanapite kwawo, walowanso chaka china pa esiteti. Anabwera kudzapepesa maliro. Pochoka anafunsa kuti ndiyambanso liti kujambula, akuti mwana wake wayamba kuyenda. Ndinati sindikudziwa.

Mlongo wanu,
Sellah


Lilongwe
24 Novembala 2009

Wokondedwa mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi amama. Makalata onse awiri ndalandira, yako ndi ya adada. Ya adada ndinawerengera kuseri kwa situdiyo. Yanga ija uiotche, chonde.

Tsopano tamvera bwino, chifukwa mwina ndingakonze chimodzi mwa zimene zawonongeka. Mmisiri waiona kamera, akuti yafa, siingakonzeke. Ndinapita kukampani n'kunena kuti inagwera m'madzi. Sindinatchule amene anaigwira. Andipatsa fomu yoti ulembe mmene zinachitikira n'kusaina, iwe mwini dzina. Koma akuti poti kamerayo sanaione poyamba, ndipo ngozi yachitika masiku ochepa chilipirireni, akufuna umboni woti pa 1 Okutobala inali ikugwirabe ntchito. Akuopa kuti mwina inafa kale ife n'kuthamangira kukalipira. Umboni wake ndi khadi, chifukwa chithunzi chilichonse chimasunga tsiku lake m'katimo.

Khadi ndi yamoyo, ndaitsegula pakompyuta. Zithunzi zako zomaliza ndi za kwaya, pa 19 Seputembala. Cha mu Okutobala ndi chimodzi chokha, chimene ulimo iweyo.

Tikhoza kunena kuti unaika kamera pachitsa n'kuitchera kuti ijambule yokha, ndipo pokaitenga inakupulumuka. Makamera amatero. Vuto ndi lakuti dzuwa linali kumsana kwa adada, ndiye chithunzithunzi chawo chagwera pansi kutsogolo. Chipewa chikuoneka, zigongono zili m'mwamba. Ngakhale mwana angadziwe kuti pali munthu akujambula.

Ntchito yanga ndi yomweyi, Sellah. Ndikhoza kudula mbali ya pansiyo n'kubwezera chodulacho m'khadi, tsiku osasintha. Chakalecho chiyenera kufufutidwa, ndipo pasapezeke pepala lake paliponse, chifukwa nthawi zina amatumiza munthu kudzafunsa kumudzi. Akalipira tigula kamera ina Januwale asanathe. Iwe ubwerera kuntchito yako, amama apeza thumba la feteleza wobereketsa.

Ndikudziwa kuti ndi bodza. Koma ndinalipira ndalama zanga, ndipo kamera inafadi pa 9. Sitikuba. Adada akanavomera, iwo amene amafuna kugulitsa makuponi.

Fomu ndaikamo. Mawu oti ukopere ndalemba ndi pensulo papepala lina. Akufuna fomuyi isanafike 15 Januwale.

Mchimwene wako,
Geoffrey


Simlemba
8 Disembala 2009

Okondedwa achimwene,

Moni. Mvula yayamba, tadzala. Chimanga chamera koma chikuoneka chachikasu kale. Amama miyendo ikuwawawa.

Fomu ndalandira. Sindinalembe kanthu. Musaganize kuti ndikuchita mwano kapena ndikukusungirani mkwiyo wa kalata ija. Ndinaiotcha monga munanenera.

Amama ndawafotokozera zonse, ulendo uno osabisa. Anati, "Akufa sadya, mwananga. Saina." Ndiye inu mukuti ndisaine, amama akuti ndisaine. Inenso kamera ndikuifuna, achimwene, kuposa mmene mukuganizira. Chiyambire kuyenda popanda lamba m'khosi ndabwerera kukhala Sellah wakale uja, wodutsa kuseri kwa nyumba anthu akakhala pabwalo.

Koma chithunzicho ine sindinachione. Kamera inagwa ndisanayang'ane. Inu mwachiona, a kampani achiona, ine amene ndilimo ayi. Ndikupempha munditsukire chonse mmene chilili, kamodzi kokha, musanadule. Ndikachiona ndidzaching'amba ndekha ngati mukuopa. Kenaka ndisaina.

Mlongo wanu,
Sellah


Lilongwe
19 Disembala 2009

Sellah,

Moni. Ndatsuka ziwiri, chonse ndi chodula, kuti uone wekha kuti kusiyana kwake n'kochepa. Ndi kachidutswa ka pansi chabe, dothi ndi mdima. M'khadi sindinasinthe kanthu, ndikudikira fomu. Ukaona, chonsecho ung'ambe monga walonjezera.

Khirisimasi sindibwera, maukwati achuluka. Jekete lija ndatumiza, amama aone chochita nalo.

Usachedwe. A Simeon akubweranso kuno pa 8 Januwale, ndi ulendo womaliza tsiku lisanakwane.

Geoffrey


Simlemba
6 Januwale 2010

Okondedwa achimwene a Geoffrey,

Moni wa chaka chatsopano. Ndikhulupirira muli bwino. Kuno tilipo. Jekete amama alipinda n'kuika m'sutikesi, akuti mudzavale inu.

Zithunzi zinafika pa 23. Ndinakatsegulira kudambo, pachitsa chija.

Adada analasa, achimwene. Sanandidule mutu, sanapendeketse. Munthu woyamba kugwira kamera, diso lolakwika atatsinzina, chithunzi n'kutuluka chowongoka chonchi. Ine sindinadziwe kuti ndikaseka ndimaoneka choncho. Ndimafanana ndi amama.

Ndinaziika ziwirizo pamiyendo n'kumaziyang'ana. Mukuti kusiyana kwake n'kochepa. Pachodulacho pali mtsikana ali yekha m'dambo, wanyamula kheni, akuseka popanda womuseketsa ngati wazungulira mutu. Pachinacho pali adada. Chipewa chawo chija chong'ambika mbali imodzi, kung'ambikako kukuoneka. Zigongono atambasula ngati nkhuku yofungatira anapiye. Mutu wa chithunzithunzi chawo wafika pa zala za kumapazi kwanga. Miyezi isanu ndinajambula anthu onse a pa esiteti, koma adada nthawi zonse amati ndidikire ayambe anenepa. Tilibe china, achimwene. Ndi chomwechi.

Ndinalonjeza kuti nding'amba, ndalephera. Ndinatenga pepala lanu la pensulo kuti ndikopere, ndinalemba mzere umodzi n'kulekera pomwepo. Mawuwo akuti ndinali ndekha kudambo. Sindinali ndekha. Anayenda ndi ndodo kuchokera kunyumba, kupuma katatu panjira, kuti adzandijambule.

Fomu ndaibweza m'kalata muno. Ndafufuta mzere uja n'kulemba m'Chichewa mmene zinakhalira, kuti kamera inali m'manja mwa bambo anga, a Hector Mphepo, ndipo ndinawapatsa ndine. Ndasaina. Ndikudziwa yankho lawo, pepala lija ndinaliloweza. Mukaona kuti kukapereka n'kutaya nthawi, musapereke. Koma ina yoti ndisaine musatumize.

Zaka zanu ziwiri zodya bonya ndazitaya ine, kawiri tsopano. Sindikudziwa ngati mudzandikhululukira. Mukakhala chete ndidzamva.

Amama nditawaonetsa sananene za kusaina. Anagwira pansi pa chithunzicho ndi chala n'kuti, "Chipewa ichi ndinawauza kangati kuti ataye." Kenaka analowa m'nyumba. Chithunzi achiika m'Baibulo, pomwe panali pepala la kampani.

Lefina wandipezera malo pa esiteti. Fodya wayamba kuthyoledwa, akufuna anthu osoka masamba m'zigafa. Ndiyamba Lolemba. Akuti utomoni umachoka ndi palafini.

Khadi musunge bwino. Mukafuna kutsuka chanu, tsukani, koma adada musawadule.

Ndine mlongo wanu,
Sellah